A Tiyese ndi Mtengo wa Masamba Ofiira

Mukafika ku magalaja a kuseri kwa siteji ya mabasi n'kufunsa munthu wodziwa magetsi a galimoto, aliyense akulozerani pakona, pa shedi ya malata. Pamenepo mupeza miyendo iwiri ili tasa kunja kwa chitseko cha galimoto, mwiniwake mutu uli pansi pa dashibodi. Miyendo imeneyo ndi ya a Tiyese. Nkhope yawo ambiri saidziwa bwino, koma nsapato zawo ndiye tauni yonse imazidziwa. Ndikuchenjezeni pasadakhale: masiku ano mukapita ndi fyuzi yakupsa, mubwerako ndi fyuzi yatsopano komanso phunziro la maselo a m'thupi mwanu, mufune musafune. Kale sanali otero. Kale anali munthu wa mawu awiri okha.

Mawu awiriwo ndi amene anawapatsa dzina. Dalaivala abwere ali wefuwefu, anene kuti, "Madala, ndi waya wofiira uyo wathothoka, ingolumikizani ndizipita," iwo ankangoyankha kuti, "Tiyese kaye." Akatero ankatulutsa kababu kawo ka m'thumba, kokhala ndi michira iwiri ya waya, n'kuyamba kukhudza nako waya aliyense payekhapayekha mpaka kababuko kayake. Anzawo amangoyang'ana mtundu wa waya n'kudula. Iwo ayi. Ankachedwa, abale, ankachedwa mpaka mwinigalimoto kufuna kulira, koma galimoto yodutsa m'manja mwawo sinkapsa ndi shoti. Madalaivala ankawayamikira kuti mkuluyu amadziwa zoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kwake kuti! Munthu ankabisa chinthu.

A Tiyese sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Buluu ankamuona, chikasu ankachiona, koma chofiira, chobiriwira ndi bulauni kwa iwo zinali ana a bambo mmodzi: zonse ngati dothi, china choderako, china chowalako. Ali mwana, bambo awo anawatuma kudimba kukathyola tomato wakupsa, iwo anabwera ndi dengu lodzaza tomato wamuwisi, akunyadira. Tsiku limenelo anadya ndodo. "Mwana wouma mutu iwe, ungakanike ndi tomato yemwe?" Zinachitikanso ndi malaya, zinachitikanso ndi choko kusukulu, ndipo dzina loti wouma mutu linakhazikika. Bambo awo anamwalira osawafunsapo n'kamodzi komwe kuti kodi mwana iwe umaona chiyani. Nawonso a Tiyese anakula akukhulupirira kuti mutu wawo uli ndi chibowo penapake, pomwe mitundu imatayikira.

Anaphunzira kuzemba. Tomato ankamudziwa pomufinya, maloboti a pamsewu ankawadziwa ndi malo ake, la pamwamba imani, la pansi pitani. Ntchito ya magetsi anagwa nayo m'chikondi ali mnyamata, ndipo kababu kaja kanakhala maso awo achiwiri. Amene anawagwira ndi munthu mmodzi yekha, mayi a kunyumba, ali pa chibwenzi. Mnyamata anafuna kushasha, anati, "Koma diresi lobiriwirali likukukhalani!" Diresilo linali lofiira psuu. Mtsikana anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anaona nkhope ya mnzake n'kusiya kuseka. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amakagula mikukuluzi ya waya n'kuipachika pa misomali ya m'shedi: msomali woyamba wofiira, wachiwiri wobiriwira, wachitatu wabulauni. Ndi iwonso amene amayala malaya pabedi m'mawa uliwonse. Awiriwa anagwirizana kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo, ngakhale kwa ana awo omwe. Ndani angapereke galimoto yake kwa munthu wamagetsi wosadziwa waya wofiira?

Zinthu zinayenda choncho mpaka imvi zinamera, ndiye kunabwera Kapitawo. Ameneyu ndi mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi woyamba. Dzinali anamupatsa ndi agogo ake, chifukwa akafika pa shedi amaika manja kumbuyo n'kumayendera ntchito ngati ndiye amalipira anthu. Mwana wochangamuka, wa mafunso osatha. Koma atalowa kalasi yachiwiri anayamba kufota. M'mawa uliwonse m'mimba, m'mawa uliwonse mutu.

Lamlungu lina mwana wawo wamkazi anabwera kudzacheza ndi mwamuna wake. Mkamwiniyu ndi dalaivala wa lole, munthu wolimbikira, wokonda mwana wake zedi, koma mtima wake uli pafupi ngati machesi. Atangokhala, anatulutsa pepala m'thumba n'kuliyala patebulo.

"Bambo, taonani zomwe akuchita mdzukulu wanuyu."

A Tiyese anayang'ana. Unali mtengo wojambulidwa ndi makirayoni, wa nthambi zabwino, mbalame ili pamwamba. Mtengo wokongola kwabasi. Anatsegula pakamwa kuti afunse chalakwika, mayi a kunyumba anawaponda phazi pansi pa tebulo.

"Masamba ofiira, thunthu lobiriwira!" anatero mkamwini. "Aphunzitsi anaukweza m'mwamba, kalasi yonse kuseka. Akuti amachitira dala. Ndamuphunzitsa ndi zitsekerero za mabotolo, ndamuphunzitsa ndi zovala, lero akhoza, mawa alakwa. Mwana wodziwa kuwerenga mpaka handiredi angakanike mitundu itatu? Ndi matama amenewa. Tsopano wayamba kujomba. Ine ndanena, akapitiriza, lamba ndi amene amuphunzitse."

Kapitawo anali ataima pakhomo, akukanda chitseko ndi chikhadabo.  A Tiyese anamuona mwanayo, anadziona okha atanyamula dengu la tomato, koma anangobweza pepalalo kwa mkamwini.

Alendo atapita, mayi a kunyumba anawaimirira kutsogolo, manja m'chiuno.

"Abambo, mwamuona mwana uja?"

"Ndamuona."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinene chiyani, mayi? Ndinene kuti musamumenye, agogo akenso ndi ouma mutu chimodzimodzi? Zimuthandiza chiyani zimenezo? Ntchito ndiluza, mwananso dzina limukakamira."

Kunena zoona, mantha analipo, koma chachikulu n'chakuti analibe mawu ena ofotokozera chinthuchi kupatula aja anawasiyira bambo awo. Masiku otsatira Kapitawo anayamba kubisala m'chibasi chakufa cha kuseri kwa shedi, yunifolomu ili m'thupi. Agogo ake ankamuona, ankamupatsira chakudya pawindo, n'kubwerera pansi pa dashibodi mtima ukuwawa.

Ndiye kunabwera Madamu. Awa ndi aphunzitsi a sayansi ya zamoyo kusekondale, mayi wamfupi, wolankhula mothamanga, mwini kagalimoto kotopa komwe ukayatsa indiketa kamaliza hutala. Anakhala pa tayala pafupi ndi chitseko, mapepala a ana asukulu ali pamiyendo, akuchonga kwinaku akuunikira a Tiyese ndi tochi.

"Ndi wobiriwira uyo, madala, ndinamuona akuthetheka dzulo."

A Tiyese anagwira waya.

"Ayi, wobiriwirayo."

Anagwira wina. Madamu anawayang'anitsitsa. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa zolembera ziwiri zofanana.

"Madala, tandithandizani. Chofiira, chochongera, ndi chiti apa?"

"Tiyese kaye," anatero a Tiyese, pakamwa pakungoyenda pokha. Koma inu, kababu kangayese cholembera?  Zaka zonsezi madalaivala ochenjera analephera kuwagwira, lero agwidwa ndi mayi wa kagalimoto kolira hutala pokhota.

Madamu anatsitsa mawu. "Musachite manyazi. Mlongo wanga ali chimodzimodzi. Si mutu wanu ayi. Ndi puloteni imodzi ya m'diso."

"Puloteni? Zija amanena kuchipatala za mazira ndi nyemba?"

"Zomwezo. Mukadya, thupi limaziphwasula, monga mumachitira ndi chibasi chakufa icho, n'kutenga tizidutswa take kumangira zakezake. Tatulukani mmenemo ndikuonetseni."

A Tiyese anatuluka, n'kukhala pansi penipeni ngati mwana wa sukulu. Madamu anakoka chitini cha manati ndi mawashala, anadula kawaya, maso awo akuwala ngati munthu amene wapeza kalasi yofuna kumva.

"Thupi lanuli linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timati maselo. Pakati pa selo pali kaofesi, ndipo m'kaofesimo muli ulusi wautali wopindapinda, dzina lake DNA. Paulusi umenewo palembedwa kapangidwe ka puloteni iliyonse ya m'thupi, ndi zilembo zinayi zokha."

"Zinayi? Munthu yense uyu, ndi ndevu zomwe, zilembo zinayi?"

"Zinayi, zongosinthanasinthana malo. Kachigawo konena za puloteni imodzi timati jini. Tsono ulusiwo sutuluka m'kaofesi."

"Aaa, ngati buku la mapu a mawaya lochokera kufakitale! Bwana wanga wakale ankalikhomera mu ofesi kuopa girisi. Ukafuna tsamba limodzi unkakopera pa kapepala n'kupita nako pa benchi."

Madamu anaomba m'manja, mapepala a ana kumwazika. "Ndi zomwezo ndendende! Selo limakopera jini imodzi yokha yomwe likufuna. Kokoperako timati RNA, ndiye mthenga wake. Kamatuluka kupita pa benchi, benchiyo ndi kamakina kotchedwa raibosomu. Kamakinako kamawerenga zilembo zitatuzitatu. Zitatu izi zikuti bweretsani nati." Analowetsa nati pa kawaya. "Zitatu zotsatira zikuti washala. Zinazi zikuti nati wamkulu. Tizidutswa timeneti m'thupi timati ma amino asidi, tilipo mitundu makumi awiri, ndipo pali tonyamulira tomwe timabweretsa kalikonse pa nthawi yake. Kamakina kamangolumikiza, kulumikiza, mpaka kafike pa zilembo zitatu zoti basi, imani."

Anakweza mkanda wa zitsulowo m'mwamba, kenako anaupindapinda m'dzanja mpaka unakhala kampira kokhotakhota.

"Ukatha umapindika chonchi, ndipo kapindidwe kake kamachokera pa mndandanda wa tizidutswa tija. Imeneyi ndiye puloteni. Mmene yapindikira ndi mmene igwirire ntchito, monga sipanala imagwira nati wa saizi yake yekha. Ina imanyamula mpweya m'magazi, ina imagaya chakudya, ina ndi zikhadabo zanu zakudazi."

A Tiyese anayang'ana dzanja lawo ngati aliona koyamba. "Mukuti zimenezi zinachitika ndili m'mimba mwa mayi anga?"

"Zikuchitika panopa, mukulankhula nane."

"Panopa? Muno?" Anadzigwira pachifuwa. "Popanda bwana, popanda wokuwa? Mayo ine! Ndiye kuti ineyo ndine galaja yathunthu, ikugwira ntchito usana ndi usiku, mwiniwake osadziwa!" Anadzuka ndi chimwemwe, n'kutsamira chiwongolero, hutala inalira, onse awiri anaseka chikhakhali mpaka owotcherera zitsulo a shedi yoyandikana anasuzumira.

"Nanga diso?" anafunsa atakhalanso pansi. "Tiyeni ku diso, Madamu, musandisiye panjira."

"Kumbuyo kwa diso kuli maselo a mitundu itatu oona mitundu ya zinthu. Mtundu uliwonse umamanga puloteni yake yokola kuwala. Ina imakola kwambiri kwa buluu, ina kobiriwira, ina kofiira. Ubongo umayerekeza zomwe atatuwa anena n'kudziwa mtundu wa chinthu. Tsono jini ya yofiira ndi jini ya yobiriwira zinagundizana paulusi, ndipo zimafanana ngati mapasa. Nthawi zina, pokonzedwa dzira m'thupi mwa mayi, mwina kalekale mwa agogo ena amene simunawaone, ziwirizi zimasokonekera, ina imasowa kapena zimasakanikirana. Selo silidziwa kanthu. Limangokopera mokhulupirika zomwe lapeza, n'kumanga. Ndiye inu muli ndi ziwiri zogwira bwino m'malo mwa zitatu."

A Tiyese anatenga mkanda wa manati uja n'kuuyang'anitsitsa. Atalankhula, mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndiye kuti waya wopita ku ubongo ndi wabwinobwino? Sensa imodzi yokola kuwala ndi imene sinabwere kuchokera kufakitale?"

"Mwamva kuposa theka la kalasi yanga."

"Mutu wangawu ulibe mlandu?"

"Ulibe n'pang'ono pomwe. Mankhwala ake palibe, koma sichipweteka, sichikula, ndipo a chipatala cha maso amayeza mosavuta ndi zithunzi za timadonthomadontho."

Munthu wamkulu, wa imvi, anaseka misozi ikutuluka. Kenako kuseka kunaduka, anayang'ana ku chibasi chakufa.

"Madamu, chinthuchi chimatsika kwa ana?"

"Chimadumpha. Majini awiriwa ali pa mtolo wa ulusi wotchedwa X. Mwamuna ali nawo umodzi, wochokera kwa mayi ake. Mkazi ali nayo iwiri, wina ukaphonya wina umagwirira. Mwana wanu wamkazi analandira X wanu, palibe kuchitira mwina, koma amaona bwino chifukwa cha wa mayi ake. Iye akabereka mwana wamwamuna amamupatsa umodzi mwa iwiriyo, ndipo ungathe kukhala wanu uja. Bwanji, muli ndi mdzukulu?"

Pulayala yomwe inali pamiyendo pawo inagwa pansi. A Tiyese anasiya boneti ili yasa, anasiya Madamu pa tayala, anathamanga ulendo wa kunyumba dzuwa lili paliwombo, mkanda wa manati uli m'manja. Anthu a m'misewu anaima kuonerera, poti ambiri anali asanawaonepo ataimirira, nanji akuthamanga.

Anapeza mayi a kunyumba akuchapa. "Mayi! Mayi! Si mutu ayi! Ndi puloteni!" Anafotokoza zonse chamtsogolo ndi chambuyo, kaofesi, mthenga, benchi, zitatuzitatu, akugwedeza manati pamphuno pawo. Mayiwo anamvetsera thovu likudontha m'manja.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikupachikira waya puloteni?" anatero, akuseka. Kenako anapukuta manja. "Chabwino, mawu mwawapeza. Mukanena liti?"

Anagwirizana kuti Lamlungu, m'nyumba, chitseko chotseka, amuuze mkamwini mwakachetechete. Mwana apulumuka, ntchito nayo ipulumuka. Sabata imeneyo a Tiyese anakonza kagalimoto ka Madamu mochedwa kuposa kale lonse, chifukwa waya aliyense ankabwera ndi funso. Nanga tsitsi? Nanga malovu? Nanga bala likamapola? Madamu anachita kunena kuti akufuna galimoto yawo asanapume pa ntchito.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu m'mawa, shedi ili yodzaza ndi madalaivala odikira, lole ya mkamwini inaima panja, nyali zake zitafa. Potsika, maso ake anagwera pawindo la chibasi chakufa, n'kuona kamutu kakubisala. Anamutulutsa Kapitawo atamugwira pa kolala, mpaka pakati pa shedi.

"Sukulu yako ndi imeneyi? Ndikuvutikira iwe m'misewu, iwe ukugona m'chibasi?"

"Amandiseka, ababa."

"Amakuseka chifukwa cha matama ako!" Mkamwini anawerama n'kutola tizidutswa tiwiri ta waya pansi. "Lero tithana pompano, pamaso pa agogo ako. Wofiira ndi uti?"

Kapitawo anayang'ana uku, anayang'ana uku. Analoza. Madalaivala ena anati "aaa" chapansipansi. Mkamwini anayamba kumasula lamba.

A Tiyese anali pansi pa dashibodi ya minibasi, akumva zonse. Lamlungu linali mkuja, chitseko chotseka chinali kutali, ndipo m'shedimo munali anthu amene amawadyetsa. Anawawerenga ndi nsapato: uyu wa takisi, uyu wa minibasi, uyu wa pikapu ya buledi.  Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatuluka, anaimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa bambo ndi mwana.

"Bambo a Kapitawo, funsani ine."

"Bambo, pepani, izi ndi za ine ndi mwana wanga."

"Ndati funsani ine. Kwezani mawayawo."

Mkamwini, mwaulemu wake, anakweza. A Tiyese anayang'anitsitsa, osati mwachiphamaso, anayesetsadi ndi mphamvu zawo zonse monga ankachitira kudimba kuja.

"Sindikudziwa," anatero mokweza. "Sindinadziwepo chibadwire. Kwa ine onsewa ndi amodzi. Mtengo uja munayala patebulo ine ndinauona wabwinobwino."

 Wa pikapu ya buledi anaseka, akuyesa nthabwala, koma ataona kuti palibe womuthandiza anasiya.

Ndiyetu damu linaphulika. A Tiyese anatulutsa mkanda wa manati m'thumba la ovolosi n'kuyamba. Mantha onse anathawa, chinatsala ndi chimwemwe cha munthu amene wasunga nkhani yokoma sabata yathunthu. "Tamverani abale, m'thupi mwanumu muli galaja! Iwe wa takisi, usayang'ane kumbali, nawenso uli nayo!" Anajambula selo pa fumbi la chitseko cha lole ndi chala. Anaika kaofesi pakati. Anathamanga kuchoka pa lole kupita pa benchi atanyamula kapepala, kuti aone mmene mthenga amayendera. Anawerenga zitatuzitatu akumenya benchi, nati, washala, nati, imani! Raibosomu anaitchula mokhota lilime mpaka owotcherera zitsulo anabwera kudzamva kuti kwagwanji. Anafika pa diso, pa masensa atatu, pa mapasa aja osokonekera. Kenako anagwira phewa la Kapitawo.

"Diso la mwana uyu silinama, silichita matama. Likumanga mokhulupirika zomwe linapatsidwa. Ndipo amene anamupatsa ndine, kudzera mwa mayi ake. Ngati pali wofunika lamba pano, yambani ndi ine."

Wa takisi, munthu wa galimoto yatsopano, anatola makiyi ake pa benchi mwakachetechete, analiza injini n'kupita. Sanabwerenso mpaka lero, ndipo alipo ena angapo amene anamutsatira atamva mbiri. A Tiyese anamuona akutuluka, zinawapweteka, sitingabise. Wa minibasi anakanda m'mutu.

"Ndiye madala, zaka zonsezi mwakhala mukusoka mawaya a minibasi yangayi mosaona?"

"Inayamba yapsapo?"

"Ayi."

"Ndiye khala pansi, sindinamalize."

Anthu anaseka, koma mkamwini sanaseke nawo. Anaima pomwepo, lamba ali lende m'dzanja limodzi, tizidutswa ta waya m'dzanja linalo. Anayang'ana apongozi ake, anayang'ana misomali itatu ya pakhoma ndi mikukuluzi yake, anayang'ana kababu kolendewera m'thumba la ovolosi. Munthu wa mtima wapachala akamazizira amaoneka ngati wadwala. Pang'onopang'ono anabweza lamba m'chiuno, akuphonya mabowo. Kenako ananjuta mpaka nkhope yake inalingana ndi ya mwana wake, n'kutambasula dzanja lokhala ndi mawaya aja.

"Kapitawo," anatero, mawu atasasa. "Tandiuza. Iweyo ukuona chiyani apa?"

Mwanayo anayang'ana agogo ake kaye, kenako anasendera pafupi.

"Ndi ofanana, ababa. Koma uyu waderako pang'ono."

"Nanga masamba a mtengo uwo?"

"Ngati uyu."

"Nanga malaya angawa?"

Kapitawo anayamba kufotokoza, poyamba monong'ona, kenako manja anapita kumbuyo monga mwa masiku onse, akuloza lole, akuloza chitini, akuloza thambo, bambo ake akungogwedeza mutu n'kufunsanso china.

A Tiyese sanathe kuonerera mpaka kumapeto. Funso limenelo, loti ukuona chiyani, analidikira kuyambira tsiku la tomato lija, ndipo lero analimva likufunsidwa, ngakhale kuti silinali lawo. Anatembenuka, anati kwa wa minibasi, "Tiyese kaye," n'kulowa pansi pa dashibodi. Nsapato zija zinakhala panja nthawi yaitali, zikugwedezeka pang'ono, ndipo kababu sikanayake. Wa minibasi, amene amakhala wothamanga masiku onse, anakhala pa tayala n'kudikira.